Dokotala wa ku Aston amene anaona zomwe apolisi sanaone

Tikamathamangira basi pa Aston Road North kuno ku Birmingham, ambirife sitidziwa kuti pamsewu umenewu panakhalapo munthu amene anapeka Sherlock Holmes, kadaulo wofufuza milandu wa m'mabuku uja.

A Arthur Conan Doyle anabadwira ku Edinburgh pa 22 Meyi 1859. Bambo awo anali chidakwa ndipo pakhomo ndalama zinkavuta, choncho ali pasukulu ya udokotala ankagwiranso maganyu. Mu 1879 anabwera ku Aston kudzathandiza Dr Reginald Hoare kusakaniza mankhwala ndi kuyendera odwala.

Kusukulu anali ndi mphunzitsi, Joseph Bell, amene ankatha kudziwa ntchito ya wodwala pongomuona manja, zovala ndi kayendedwe. Holmes anachokera pamenepo. Buku loyamba, A Study in Scarlet, linatuluka mu 1887, ndipo onse pamodzi anakwana mabuku 4 ndi nkhani zifupizifupi 56. Atatopa naye, mu 1893 anamupha m'nkhani, koma owerenga anadandaula mpaka patapita zaka anamuukitsa.

Mlandu weniweni unawapeza atatchuka kale. Mu 1903, ku Great Wyrley ku Staffordshire, munthu wina ankatema mahatchi ndi ng'ombe usiku. Apolisi anagwira George Edalji, loya wachinyamata wogwira ntchito ku Birmingham. Bambo ake anali m'busa wa Anglican wochokera ku Bombay, mayi ake mzungu, ndipo banjali linakhala likulandira makalata achipongwe kwa zaka zambiri. Anamugamula zaka 7. Anatuluka mu 1906, koma mlandu uli pamutu, ntchito ya uloya itamuthera.

Nthawi imeneyo n'kuti a Doyle ali pachisoni, mkazi wawo Louisa atangomwalira ndi TB. Komabe kumayambiriro kwa 1907 anakumana ndi Edalji pahotela ina ku London. Anamupeza akuwerenga nyuzipepala ataiyandikiza pamphuno penipeni. Poti anaphunzirako za maso ku Vienna, anazindikira kuti mnyamatayu saona patali. Ndiye angayende bwanji m'minda usiku wamvula, n'kukatema hatchi, apolisi ali ponseponse?

Anapita ku Great Wyrley, anafunsa anthu, anaunika makalata aja, n'kulemba zonse mu Daily Telegraph, osabisa kuti tsankho linalowererapo. Mu Meyi 1907 boma linamuchotsera mlandu Edalji, koma chipepeso sanamupatse ngakhale khobidi. Anabwerera pa ntchito, ndipo nkhani yake inathandiza kuti chaka chomwecho akhazikitse khoti la apilo pa milandu yaupandu.

Sikuti a Doyle sankaphonya ayi. Mu 1920 anakhulupirira zithunzi za tianthu tamapiko zimene atsikana awiri a ku Cottingley anajambula, chikhalirecho tinali tamapepala todula ndi sizasi. Anamwalira pa 7 Julaye 1930 ku Crowborough, ali ndi zaka 71.

Ife anamwino timaphunzitsidwa kuyamba taona wodwala tisanatsegule fayilo. Edalji anabadwira konkuno, sukulu anapita, koma fayilo yake anthu anali atailemba kale poona khungu. Ana athu akukulira m'misewu yomweyi, abale anga. Mwana wa mnzathu akagwa m'mavuto, tisathamangire kukhulupirira zolembedwa. Tipite tikamuone kaye.