GEORGE MÜLLER: KHOLO LA ANA AMASIYE (1805-1898)

George Müller adabadwa pa 27 September 1805 ku Kroppenstedt, m'dziko la Prussia. Paunyamata wao adali wakuba ndi wabodza, ndipo adalowapo m'ndende ali ndi zaka 16. Adatembenuka mtima mu 1825 pa msonkhano wa mapemphero wa m'nyumba, akuphunzira ku Halle. Mu 1829 adapita ku England, nakhala mbusa ku Teignmouth. Kumeneko adakana malipiro a ubusa, nathetsa mwambo wolipiritsa mipando m'tchalitchi. M'malo mwake adaika bokosi la zopereka, kuti wolemera ndi wosauka apereke mosaonedwa ndi munthu.

Mu 1832 adasamukira ku Bristol pamodzi ndi mnzao Henry Craik. Ataona kuvutika kwa ana amasiye mumzindamo, adatsegula nyumba yoyamba mu Wilson Street mu 1836. Adadziikira malamulo awiri: osapempha munthu ndalama, ndiponso osakongola. Zosowa zonse adaziuza Mulungu yekha m'pemphero. Mphatso yoyamba ya ntchitoyi idali sheleni imodzi. Pambuyo pake mayi wina wosauka, wodya za singano, adapereka mapaundi 100 kuchokera pa cholowa chake. Ena adatumiza mphete, zovala, buledi ndi mbatata, ambiri osatchula dzina.

Kuyambira 1838 padadza zaka za mayeso. Kawirikawiri ndalama za chakudya cha tsiku zidafika m'mawa mwa tsiku lomwelo, koma anawo sadagone ndi njala. Mu 1849 nyumba yaikulu idatsegulidwa ku Ashley Down, ndipo pofika 1870 nyumbazo zidakwana zisanu, zosunga ana pafupifupi 2,000. Pa moyo wao wonse a Müller adalera ana oposa 10,000.

Kuyamika kwao kudaoneka m'mabuku a chuma. Mphatso iliyonse, ngakhale ya kobiri limodzi, adailemba ndi tsiku lake, ndipo adasindikiza malipoti ofotokoza m'mene chumacho chidagwirira ntchito. Maina a opereka sadawaulutse, kuopa kuti ena angamapereke pofuna kutamandidwa. Wopereka m'seri ankatha kuwerenga lipotilo, nazindikira mphatso yake, nadziwa kuti idafika pa nthawi yake. Umu ndi m'mene adathokozera anthu amene sadawaone nkhope, ulemerero nkupita kwa Mulungu.

Adamwalira pa 10 March 1898, nasiya chuma chosaposa mapaundi 200. Pamenepo padaululika kuti mmodzi mwa opereka osatchulidwa dzina aja adali iwo omwe: pa zimene anthu adawapatsa kuti adzithandizire, adapereka mapaundi oposa 80,000 ku ntchito ya Ambuye.

Moyo wao usiyira abusa, akulu a mpingo ndi asungichuma funso lolemera. Wopereka mobisika sangabwere kudzafunsa za mphatso yake. Chiyamiko chokha chimene mpingo ungampatse ndicho kulemba mphatsoyo mokhulupirika, ndi kuifikitsa yonse kwa wamasiye amene idamdzera.