IGNATIUS WA KU LOYOLA, MSILIKARI AMENE ANABWERA KWAO PA MACILA

Pa 31 July Akristu ambiri amakumbukira Ignatius wa ku Loyola, amene anamwalira tsiku limenelo m'caka ca 1556. Iye ndiye anayambitsa cipani ca Ajezuiti, ndipo anthu ace anafika ndi m'dziko lathu lomwe, namanga misyoni ya Chikuni ndi ya Kasisi m'caka ca 1905. Koma nchito yonseyi inayambira m'cipinda ca wodwala, kumene abale ace analinkusamala msilikari wolasidwa.

Ignatius anabadwa m'caka ca 1491 m'nyumba ya mfumu ya ku Loyola, kumpoto kwa dziko la Spain, ndipo dzina lace la ubwana linali Íñigo. Anali mwana wotsiriza m'banja la ana 13. Amace anamwalira iye ali wamng'ono. Tsono mkuru wace Martín García atakwatira Magdalena de Araoz, mlamu waceyo anasanduka ngati mai wace. Atakula anatumikira m'nyumba za akuru a dziko, nakonda zobvala zokongola, lupanga ndi kuchuka.

M'caka ca 1521 Afalansa anazinga mudzi wa Pamplona. Anzace anafuna kugonja popeza adani anacuruka, koma Íñigo anawalimbitsa mtima kuti acinjirize linga. Pa 20 May cipolopolo ca mzinga cinamtyola mwendo wamanja, nicilasa winawo, ndipo lingalo linagwa. Afalansa anamcitira cifundo, nammanga mabala, ndipo patapita masiku anamtumiza kwao pa macila.

Taganizani, owerenga, mmene a m'nyumba muja anamlandirira. Anacoka mnyamata wamphamvu ndi wonyada, koma anabwera munthu wosakhoza kuima yekha. Asing'anga anapeza kuti mafupa analumikizana molakwika, nawatyolanso. Masiku amenewo kunalibe mankhwala ogoneka munthu tulo, koma iye sanapfuula, anangofumbata manja. Nthenda inakula kufikira abale anataya mtima, koma pa cikondwerero ca Petro ndi Paulo, kumapeto kwa June, anayamba kupeza bwino.

Mwendo utapola, fupa lina linatsala lotulukira pansi pa bondo. Íñigo anaopa kuti lidzamnyazitsa pakati pa akuru, cotero analamula kuti aliceke. Mkuru wace anazizwa ndi kuopa poona zowawa zimene mphwace anadzisankhira yekha. Anayesanso kukoka mwendowo masiku ambiri kuti utalike, koma unakhalabe waufupi, ndipo anayenda motsimphina moyo wace wonse.

Miyezi ya pakama inatalika. Wodwalayo anapempha mabuku a nthano za ngwazi za nkhondo, amene anazolowera kuwerenga, koma m'nyumbamo sanapezeke. Anampatsa mabuku awiri amene analipo: lina la moyo wa Kristu, lolembedwa ndi Ludolph wa ku Saxony, ndi lina la mbiri za oyera mtima. Poyamba anawerenga cifukwa ca kusowa cocita. Pambuyo pace anazindikira kanthu mumtima mwace: akalingalira za ulemu wa pansi pano anakondwa kanthawi, natsala wouma ndi wacisoni, koma akalingalira za kutsata mapazi a Francis ndi Dominic, cimwemwe cinakhalabe ngakhale maganizowo atapita. Anayamba kulemba m'buku mau amene anamkhudza, a Kristu ndi inki yofiira, a Mariya ndi inki yobiriwira ngati thambo, ndipo usiku anakonda kupenya nyenyezi.

Apa ndipo panabuka bvuto lacilendo m'banjamo. Mabala a thupi anawadziwa kusamala, koma kusandulika kwa mtima sanakumvetsa. Munthu amene kale ananena za nkhondo ndi za akazi, tsopano analankhula za Mulungu zokha. Martín García, monga mwini nyumba, anayembekeza kuti mphwace adzabwerera ku nchito ya mafumu ndi kukweza dzina la banja. Pozindikira kuti afuna kucoka, anamtenga nayenda naye cipinda ndi cipinda, namdandaulira kuti asadzitaye, akumbukire zimene anthu anayembekeza kwa iye. Íñigo sananame, koma sanaulule zonse za mumtima mwace. Kuciyambi kwa caka ca 1522 anakwera nyuru, nacoka.

Ku Montserrat anapatsa wopemphapempha zobvala zace zokongola, napacika lupanga lace pa guwa la Mariya, nacezera usiku wonse wa 24 March m'mapemphero. Anakhala ku Manresa pafupifupi caka, nafika ku Yerusalemu mu 1523. Atabwerako anakhala pa mpando wa sukulu ku Barcelona pamodzi ndi ana, ali wa zaka 33, kuphunzira Cilatini. Ndipo mu 1528 anamuka ku Paris. Zaka zambiri sanalembera abale ace, ndipo mkuru wace anadandaula nako kukhala cete kumeneko. Mu 1532 anamyankha m'kalata kuti sanawaiwala, koma anayenera kuyamba wakhazikika m'njira yace yatsopano.

M'caka ca 1535 asing'anga a ku Paris anamuuza kuti akapume mphepo ya kwao cifukwa ca kudwala m'mimba. Martín García anatuma anthu kukamcingamira panjira, koma Ignatius anakana kukagona m'nyumba ya atate wace, nakhala m'nyumba ya aumphawi ku Azpeitia, kufupi ndi kwao, napempha zakudya m'makomo. Ici cinali camanyazi ndithu kwa banja la mfumu. Pamene ananena kuti adzaphunzitsa ana Katekisimu tsiku ndi tsiku, mkuru wace anamletsa, poyesa kuti sadzabwera munthu. Ignatius anati angakhale mwana mmodzi adzamkwanira. Anthu anadza ambiri, ndipo pakati pao panali Martín García yemwe, kumvera mphwace. Atakhala miyezi itatu, atakonzanso njira yothandizira osauka a m'mudzimo, anacoka, ndipo sanaonanso kwao. Mkuru wace anamwalira mu 1538, koma Antonio de Araoz, mbale wace wa Magdalena, anatsata Ignatius nalowa m'cipani cace, cimene Papa Paul III anacibvomereza pa 27 September 1540.

Abale a ku Loyola anafuna kubweza Íñigo wao wakale, koma sanakhoza, pakuti wobwera kunkhondo sabwera monga anamukira. Cimene anakhoza ndico kumsambitsa mabala, kumdikira, ndi kumpatsa mabuku amene anali nao. Ndipo patapita zaka 14 anaphunzira kumlandira monga analiri. Banja liri lonse limene lilandira mwana wao wocokera kunkhondo lipemphe kwa Mulungu cipiriro comweco.