A Amedeo Avogadro: Loya Yemwe Adatisiyira Masamu a Mole

Tonse amene tidatuluka thukuta ndi Physical Science pokonzekera mayeso a MSCE timaikumbukira nambala ija ya 6.02 × 10²³, koma mwini dzinalo ambirife sitimudziwa.

A Amedeo Avogadro adabadwa pa 9 Ogasiti 1776 mumzinda wa Turin ku Italy. Adaphunzira malamulo a mpingo nalandira digiri mu 1796, koma mtima wao udali pa masamu ndi sayansi. Mu 1809 adayamba uphunzitsi ku Vercelli.

Nthawi imeneyo akatswiri adali atasokonezeka mitu. A Gay-Lussac a ku France adapeza kuti malita 2 a hydrogen akaphatikizana ndi lita imodzi ya oxygen, pamatuluka malita 2 a nthunzi ya madzi. Nanga lita imodziyo ikwanira bwanji malita awiri? Mu 1811 a Avogadro adayankha kuti mipweya yosiyana ikadzaza malo ofanana, kutentha ndi kupanikizika kwake kuli chimodzimodzi, mamolekyu ake amachuluka mofanana. Adaonjezera kuti maatomu a oxygen ndi hydrogen amayenda awiriawiri, ndipo amalekana popanga madzi. Choncho madzi ndi H₂O, osati HO monga ankaganizira a John Dalton.

Yankho lomveka chonchi lidagona m'mabuku zaka pafupifupi 50 opanda wolilabadira. Mwa ine, ichi n'chochititsa manyazi akuluakulu a sayansi a nthawiyo. Ndale nazo zidawavuta: mu 1820 adakhala pulofesa pa yunivesite ya Turin, koma boma lidathetsa mpandowo zitachitika zipolowe za mu 1821. Adabwererapo patapita zaka zoposa 10, napuma pa ntchito mu 1850. Adamwalira pa 9 Julayi 1856 asanaone zipatso za ntchito yao. A Stanislao Cannizzaro ndiwo adaukitsa mfundoyi pa msonkhano wa akatswiri ku Karlsruhe mu 1860.

Nambala yotchukayo eni ake sadaiwerengepo. A Jean Perrin ndiwo adaitcha dzina lao mu 1909, ndipo kuyambira mu 2019 mole imodzi ndi tinthu 6.02214076 × 10²³ ndendende. Amene mwaiwala kawerengedwe kake, tengani madzi: hydrogen awiri ndi 2, oxygen ndi 16, pamodzi magalamu 18 pa mole imodzi. Mukapatsidwa magalamu 36, gawani ndi 18, mupeza mole ziwiri. Magalamu 18 a madziwo amangopitirira pang'ono supuni yaikulu imodzi.