Mbiri ya Kaputeni Cecil Maguire, Msilikali Amene Anafera kwa Makanjira

Wophunzira, ngati kwanu ndi ku Mangochi kapena munayendako kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, dzina loti Fort Maguire si lachilendo kwa inu. Koma mutafunsa anzanu m'kalasi kuti Maguireyo anali yani, ambiri angoyang'ana pansi. Nzosadabwitsa. Munthuyu m'dziko muno sanathemo ngakhale chaka.

Cecil Maguire anali wa banja la ku Ireland, ndipo ankagwira ntchito ya usilikali ku India, m'gulu la okwera pa akavalo lotchedwa Hyderabad Lancers. Mbale wake, Rochfort Maguire, anali mnzake wa Cecil Rhodes, komanso mmodzi mwa azungu atatu amene mu 1888 anasayinitsa Mfumu Lobengula ya Amandebele pangano lopereka migodi. Dzina la Rhodes lisungeni, tikumana nalonso kutsogoloku.

Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston ndiye anatumizidwa kudzalilamulira. Ulamuliro anali nawo papepala, koma asilikali analibe. Ndiye Maguire anasonkhanitsa ku India amuna pafupifupi 70: Asikhi 40 ochokera m'magulu a 23rd ndi 32nd Pioneers, ndi Asilamu 30 okwera pa akavalo. Akavalowo sanakhalitse kuno, matenda anawamaliza, eniakewo n'kuyamba kumenya nkhondo ali wapansi ngati anzawo.

Nkhondo yawo yoyamba inali ya kwa Mfumu Chikumbu ku Mulanje mu Julayi 1891. Mu Okutobala anafika kwa Mponda, namanga linga kutsidya lina la mtsinje wa Shire. Lingalo analitcha Fort Johnston, dzina limene tawuni ya Mangochi inkadziwika nalo nthawi ya atsamunda. Atagonjetsa Mponda, maso onse analoza kwa Mfumu Makanjira, mfumu ya Ayao yamphamvu zedi kum'mawa kwa nyanja. Makanjira anali ndi mfuti zambiri komanso zombo za matanga zimene zinkaolotsa akapolo ndi minyanga ya njovu popita ku gombe la nyanja yamchere. Azungu anali naye kale mangawa, pakuti mu 1888 anthu ake anachititsa manyazi John Buchanan, woyimira boma la Britain, pamodzi ndi m'busa W. P. Johnson. Kumapeto kwa Okutobala, Johnston ndi Maguire anakwera sitima ya Domira ya kampani ya African Lakes, nakatentha mudzi wa Makanjira.

Pakati pa mwezi wa Disembala, Maguire anatsinidwa khutu kuti zombo ziwiri za Makanjira zabisidwa pa doko lina la kum'mawako. Ananyamuka pa Domira ndi asilikali ochepa chabe. Madzi a pamalopo anali osaya, moti sitima inayima patali ndipo iwo anatsika n'kuyenda m'madzi kukawononga zombozo. Ali pa ntchitoyo, ankhondo a Makanjira anatulukira ali chinamtindi. Nayo nyanja inakalipa, ndipo Domira poyesa kusendera kufupi kuti iwatenge inatitimira mumchenga. Maguire anawomberedwa ali m'madzi, atatsala pang'ono kugwira sitima. Dokotala wa ku India, Dr Boyce, ndi injiniya wa sitimayo, McEwan, anapita kumtunda atalonjezedwa kuti akapatsidwa mtembo. Onse awiri anaphedwa.

Ine ndimaona kuti kulimba mtima analidi nako, koma ulendo umenewu anaupupuluma. Komanso dziwani kuti nkhaniyi timaimva kwambiri kuchokera kwa Johnston, bwana wake, m'buku lake la British Central Africa la mu 1897. Paja mukamawerenga mbiri ya munthu muzifunsa kuti wolembayo wayima mbali iti. Zoti Makanjira ankagulitsa anthu nzoona, ndipo sitingazipake mafuta. Koma kwa ankhondo ake, tsiku limenelo ankathamangitsa alendo amene anawatenthera mudzi masabata ochepa m'mbuyomo.

Imfa ya Maguire inawawa azungu. Rhodes uja anapereka mapaundi 10,000 oti athandize kugonjetsa Makanjira. Mu 1893 kunabwera asilikali ena a ku India, panyanja n'kuikidwa sitima zankhondo ziwiri, Pioneer ndi Adventure. Makanjira anathamangitsidwa kunyanja, ndipo linga limene anamanga m'dera lake ndi lomwe analitcha Fort Maguire. Pomaliza, mu 1895, mfumuyo inathawira m'dziko la Apwitikizi. Kagulu ka Maguire kaja kanakula polemba asilikali akuda a konkuno, n'kukhala Central Africa Rifles mu 1896, kenako mbali ya King's African Rifles mu 1902, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 kunabadwa Malawi Rifles.

Nanga mendulo? Apa ambiri amasokoneza, tsono tcherani khutu. Pali mendulo ya kulimba mtima, yopatsidwa kwa munthu mmodzi chifukwa cha zimene wachita, ndiye palinso mendulo yongosonyeza kuti munthu anali nawo pa nkhondo yakutiyakuti. Ya kulimba mtima yapamwamba kwa Angerezi ndi Victoria Cross, koma mu 1891 sinkaperekedwa kwa womwalira, ndipo asilikali a ku India analoledwa kuilandira kuyambira mu 1911. Iwo yawo inali Indian Order of Merit. Mendulo ya nkhondo za kwa Chikumbu, Mponda ndi Makanjira ndi Central Africa Medal, ya mtundu wachiwiri uja, ndipo inakhazikitsidwa mu 1895, Maguire atamwalira kale. Kutsogolo kwake kuli nkhope ya Mfumukazi Victoria. Kansalu kopachikira kali ndi mizere itatu yofanana kukula: wakuda woyimira asilikali a mu Africa, woyera woyimira azungu, ndi wofiirira ngati njerwa woyimira asilikali a ku India.