MANUTE BOL: MBUSA WA NG'OMBE AMENE CUMA CAKE CINATHERA KWAO

Anyamata athu amene amasewera basketball m'mabwalo a ku Kabwata, Chelstone ndi Woodlands amalota za ligi ya NBA ku America ndi madola ake. Makolo, afotokozereniko za malemu Manute Bol, mwana wa mu Africa amene anafikako, nalandira ndalamazo, koma anamwalira alibe cuma.

A Bol anabadwa mu 1962 m'dera la Turalei, kum'mwera kwa Sudan, pakati pa Adinka, anthu amene cuma cao ndi ng'ombe. Anakula akuweta ng'ombe za atate ao, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Cimene cinawatulutsa m'mudzi ndi msinkhu, pakuti anatalika mamita 2.31. Mphunzitsi wina wa ku America atawaona akusewera ku Khartoum, anawathandiza kupita ku dziko lake mu 1983.

Mu 1985 timu ya Washington Bullets inawalemba nchito. Luso lao linali kuchinga mpira kuti usalowe m'basiketi, ndipo m'caka coyamba cokha anauchinga ka 397. Anasewereranso Golden State, Philadelphia ndi Miami kufikira 1995. M'zaka khumizo anachinga mpira ka 2,086, pamene mapointi amene anagoletsa anali 1,599 cabe.

Malipiro ao onse anafika pafupifupi madola 6 miliyoni. Zina zinatayika m'mabizinesi amene sanayende bwino, koma zambiri zinapita kwao. Kuyambira 1983 kum'mwera kwa Sudan kunali nkhondo, midzi ikuochedwa, anthu akufa ndi njala. A Bol, amene anali Mkhristu, ankayendera misasa ya othawa nkhondo nathandiza ndi ndalama za m'thumba mwao, ndiponso anathandiza gulu la SPLA.

Pofika 2002 ndalama zinali zitatha, kotero kuti anavomera kumenya nkhonya pa wailesi ya kanema kuti apeze thandizo la anthu a kwao. Mu 2004 anathyoka khosi pa ngozi ya galimoto, ndipo anzao akale a mpira anasonkha ndalama za cipatala. Atapezako bwino anagwirizana ndi bungwe la Sudan Sunrise pofuna kumanga masukulu 41, ophunziramo ana a Akhristu ndi a Asilamu pamodzi. Anayambira kwao ku Turalei.

Anamwalira pa 19 June 2010 ku Virginia ndi matenda a impso ndi a khungu, ali ndi zaka 47, ndipo anaikidwa ku Turalei. South Sudan inalandira ufulu mu July 2011, iwo atagona kale.

Mlimi amadziwa kuti zokolola za caka cabwino ziyenera kufikitsa banja ku caka ca cilala. Nchito ya masewera imatha munthu akali wamng'ono, ndipo bondo likavulala malipiro amaimira pomwepo. Mwana wanu ngati ali ndi luso la mpira mulimbikitseni, koma sukulu asaisiye, pakuti ndiyo imene a Bol anaisowa paubwana wao, natha zaka zao zomaliza akuimangira ana a anzao.