SIMON DE MONTFORT, MKAMWINI AMENE ANAGWIRA MLAMU WACE

Akristu a ku Njuli akamva dzina la Montfort amakumbuka ansembe amene anatsegula misyoni ya Nguludi. Koma iwo anatenga dzinali kwa Louis Grignion Woyera, wobadwira ku Montfort wa ku Brittany mu 1673. Simon amene tikunena pano ndi wa ku Montfort wina, pafupi ndi Paris, ndipo pakati pao palibe cibale.

Simon anabadwa ca m'ma 1208. Bambo wace, Simon yemwenso, anafa ndi mwala pa nkhondo ya ku Toulouse mu 1218. Popeza minda ya ku France inagwa m'manja mwa mkulu wace Amaury, iye anaoloka nyanja kukafuna dziko la Leicester, colowa cocokera kwa gogo wace wamkazi. Mfumu ya ku England, Henry III, inamkonda mlendoyu, ndipo mu 1238 inampatsa mlongo wace Eleanor.

Ukwatiwu unacitika mobisa, ndipo unautsa mapokoso. Eleanor anali wamasiye, ndipo anali atalumbira pamaso pa Arkiepiskopi wa ku Canterbury kuti sadzakwatiwanso. Simon anacita kupita yekha ku Roma kukapempha Papa kuti aubvomereze. Caka cotsatira anadananso ndi mfumu, cifukwa anaichula ngati cikole ca ngongole yace osaiuza. Kwathu kuno akulu amacenjeza mkamwini kuti asakule mwendo pamudzi pa eni. Simon analibe khutu lomvera zotere.

Anali munthu wopemphera, bwenzi la Episkopi Grosseteste wa ku Lincoln, komanso wouma mtima ndi wokonda cuma. Ndiye anapirikitsa Ayuda m'mudzi wa Leicester mu 1231, cinthu cimene sitingamtamande naco.

Mu 1258 akuluakulu a dziko anakakamiza Henry kuti azilamula pamodzi ndi bwalo la aphungu. Iye ataphwanya panganolo, mlandu unapita kwa mfumu ya ku France, Louis Woyera, amene mkazi wace anali pacibale ndi mkazi wa Henry. Louis anakometsa mfumu. Simon anakana ciweruzoco, nagwira zida. Pa 14 May 1264, ku Lewes, anagwira mlamu wace pamodzi ndi Edward, mwana wa mfumu. Mu January 1265 anaitanitsa msonkhano wa dziko, naitanako anthu awiriawiri ocokera m'midzi ikuluikulu, osati mafumu ndi maepiskopi okha. Angerezi amamkumbuka cifukwa ca ici.

Ulamuliro wace sunakhalitse. Edward anathawa m'ndende, nasonkhanitsa nkhondo, ndipo pa 4 August 1265 anamzinga ku Evesham. Simon anafa pamodzi ndi mwana wace woyamba, Henry, amene anamucha dzina la mtsibweni wace yemweyo. Mtembo wace anauduladula. Amonke anatola zotsala nakaziika m'chalichi mwao.

Mwazi sunathere pomwepo. Mu 1271 ana ace awiri, Guy ndi Simon, anapeza msuwani wao Henry wa ku Almain akumva Misa m'chalichi ku Viterbo, m'dziko la Italy, namupha pomwepo polipsira bambo wao. Eleanor, amene mwamuna wace anaphedwa ndi nkhondo ya mwana wa mlongo wace, anabwerera ku France, namwalira mu 1275 m'nyumba ya asisteri ku Montargis.