José Craveirinha, mlakatuli amene ndende idalephera kumutseka pakamwa

Abale athu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, lero tikumbuke munthu amene sadagwire mfuti, koma atsamunda adamuopa ngati msilikali. Dzina lake ndi José Craveirinha, mlakatuli wamkulu wa dziko lathu la Moçambique.

Adabadwa pa 28 Meyi 1922 mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero timati Maputo. Bambo wake adali Mpwitikizi wochokera ku Algarve, mayi wake adali Mronga. Mayiwo adamwalira iye akali mwana, koma Craveirinha sadaiwale mtundu wa mayi wake. Adasankha kukhala ku Mafalala, dera la nyumba za matabwa ndi malata, pakati pa anthu osauka.

Ntchito yake idali ya utolankhani. Adalembako m'nyuzipepa ya O Brado Africano ndi ya Notícias. Ndakatulo zake ankalemba m'Chipwitikizi, koma ankasakanizamo mawu a Chironga. Ankalemba za anthu ogwidwa chibalo, za onyamula katundu padoko, za amuna opita kumigodi ya ku Joni. Agogo athu kuno akudziwa bwino mavuto amenewa.

Buku lake loyamba, Chigubo, lidatuluka ku Lisboa mu 1964. Dzinali ndi la gule wa nkhondo wa kumwera. Chaka chotsatira, 1965, apolisi a PIDE adamugwira pomuganizira kuti akugwirizana ndi Frelimo. Adakhala m'ndende mpaka 1969. Ngakhale m'menemo sadaleke kulemba, ndipo ndakatulo za nthawi imeneyo zidatuluka mu 1980 m'buku la Cela 1.

Buku limene ambiri amalikonda ndi Karingana ua Karingana, la 1974. Amenewa ndi mawu amene Aronga amayambira nthano, monga ife timati padangokhala, ana n'kuyankha kuti tili tonse. Ndakatulo za m'bukuli zidalowa m'mabuku a sukulu. Amene adaphunzira dziko litangolandira ufulu mu 1975 adaziloweza pamtima. Lero iwo ndi agogo, ndipo adzukulu awo akukumana nazonso m'kalasi.

Mkazi wake Maria adamwalira mu 1979. Chisoni chake adachiika m'buku lina, lotchedwa Maria, la 1988. Mu 1991 adalandira mphotho ya Camões, imene ndi yaikulu koposa kwa olemba m'Chipwitikizi. Iye adali woyamba mu Africa kuilandira.

Adalinso munthu wokonda masewero. Ndiye adaona mtsikana Maria Mutola akusewera mpira ndi anyamata, namulimbikitsa kuti ayambe kuthamanga. Mtsikana uja adatengera Moçambique mendulo ya golide ku Sydney mu 2000.

Craveirinha adamwalira pa 6 Febuluwale 2003 ku Johannesburg, ali ndi zaka 80. Adaikidwa ku Praça dos Heróis ku Maputo, pamodzi ndi ngwazi za dziko.

Tsono abale, ambiri kuno Chipwitikizi chimativuta, ndipo mabuku ndi osowa. Koma ngati mwana wanu ali ndi buku la sukulu lokhala ndi ndakatulo za Craveirinha, muitaneni madzulo mukatha kudya. Awerenge mokweza, amasulire m'Chichewa. Inu mumuuze zimene makolo anu adaona pa chibalo. Iye ali ndi buku, inu muli ndi mbiri. Mukapanda kukhala pamodzi, mwanayo adzangoloweza mawu osadziwa kuti akunena za agogo ake.